Za Mankhwala a Zitsamba ndi Kusankha Kwake

Abale, tikafika pa msika wa Ndirande kapena wa Bangwe tipeza mabotolo ndi timapepala ta ufa wa chammwamba, nimu ndi malambe. Kodi tizikane zonsezi? Iai, pakuti m'mitengo muli mankhwala ndithu. Kwinini anachokera ku khungwa la mtengo wa ku South America. Ndipo LA, amene dziko lathu linayamba kuchizira malungo m'chaka cha 2007, mbali yake ina ichokera ku chitsamba cha ku China. Koma amenewa anayesedwa, ndipo muyeso wake udziwika.

Chifukwa chake tisanagule tifunse zitatu. Choyamba, kodi palembedwa dzina la wopanga ndi tsiku lakutha mphamvu? Chachiwiri, ngati chiri chakudya, kodi chiri nacho chizindikiro cha MBS? Chachitatu, wogulitsayo alonjezanji? Iye wakunena kuti botolo limodzi lichiza shuga, khansa ndi Edzi pamodzi, atinyenga.

Chammwamba chithandiza thupi monga ndiwo, koma sichilowa m'malo mwa ma ARV. Munthu akawaleka, kachirombo kachulukanso m'mwazi mwake. Mwana akatentha thupi, tisataye tsiku ndi mizu. Tithamange naye ku chipatala akamuyeze malungo. Akulu anati, safunsa anadya phula.