Ulendo wa ku Zoo: Phunzitsani Ana Mayina a Nyama

Abale ndi alongo, sukulu zikatsekera ambirife timatenga ana kupita ku zoo. Matikiti ndi odula, ndipo tsiku lopuma kuntchito silipezeka wamba. Choncho tsikulo lisamangothera pojambula zithunzi ndi kudya ayisikilimu.

Ntchito imene Adamu anapatsidwa

Werengani Genesis 2:19-20. Mulungu atalenga nyama sanazitche yekha mayina. Anabwera nazo kwa Adamu kuti iye azitche. Ntchito imeneyi sinathe: kholo lililonse limaipitiriza likamaloza nyama n'kuuza mwana dzina lake.

Ana athu obadwira kunja kuno amadziwa nyama zonse m'Chingerezi, koma mukati "mbidzi" amangokuyang'anani. Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo n'zoona. Komabe asaiwale dziwe la kwawo. Mwana wosadziwa kalulu ndi fisi, agogo ake akamamusimbira nthano pafoni amangoti duu, ndipo pang'onopang'ono awiriwo amasowa chokambirana.

Phunziro la poyenda

Deuteronomo 6:7 amatilamula kuphunzitsa ana mawu a Mulungu tili m'nyumba komanso tikuyenda panjira. Ku zoo timayenda tsiku lonse, ndipo mafunso amachokera kwa ana eniake.

Titenge chitsanzo cha London Zoo ku Regent's Park, yomwe inatsegulidwa mu 1828. Mukafika pa nyamalikiti, tchulani dzinalo, mwanayo abwereze. Kenako muuzeni kuti khosi lalitali lija lili ndi mafupa 7 okha, chimodzimodzi ndi lake. Mufunseni kuti analikonza ndani. Pa mkango, mukumbutseni kuti pa chizindikiro cha dziko la Malawi pali mkango, kambuku ndi nkhwazi. Njovu simuzipeza kumeneko, popeza zinasamutsidwira ku Whipsnade mu 2001, koma mungamuuze kuti njovu imakhala ndi bere miyezi 22.

Musathamangire zikuluzikulu zokha. Miyambo 30:24-28 imatchula tinyama tinayi tating'ono koma tanzeru: nyerere, mbira, dzombe ndi buluzi. Mbira ilibe mphamvu, koma imakhala m'matanthwe momwe mdani safikamo. Mwana amene amadziona wochepa pakati pa anzake kusukulu ayenera kumva zimenezi.

Mafunso okambirana pobwerera

1. Ndi nyama iti yakudabwitsa kwambiri, ndipo dzina lake m'Chichewa ndi chiyani?
2. Kodi mbira ikutiphunzitsa chiyani za kothawira tikachita mantha?
3. Ndi dzina liti limene tonse latisowa? Tiimbire agogo madzulo ano atiuze.

Pemphero

Atate wathu wakumwamba, munalenga njovu ndi nyerere yomwe. Tipatseni kuleza mtima kuti tiyankhe mafunso a ana athu, akudziweni Inu komanso adziwe kumene anachokera. M'dzina la Yesu, Ameni.