Mutu 18: Kubwezera Galimoto Kuwala Kwake

Galimoto ikamatuluka m'fakitale imanyezimira ngati kalilole, kotero kuti munthu akaima pambali pake amadziona nkhope pachitseko. Koma pakapita zaka zingapo galimoto yomwe ija imayamba kutuwa. Yofiira imatumbuluka ngati nsalu yosuluka, ndipo munthu akaisisita ndi dzanja imamveka yokhakhala. Eni ake ambiri akaona zimenezi amati utoto watha, nayamba kusonkhanitsa ndalama zokapopetsa wina. Chikhalirecho nthawi zambiri utoto wabwino umakhala ukadalipo, wangobisika pansi pa kakhungu kakufa.

Utoto wa galimoto, umene ambiri amautchula kuti penti, uli m'magawo osanjikizana. Pachitsulo penipeni pamakhala utoto woyamba umene ntchito yake ndi kutchinga dzimbiri. Pamwamba pake pamabwera utoto wa mtundu, kaya woyera, wobiriwira kapena wakuda. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, mafakitale ambiri amawonjezera gawo lina loonekera ngati madzi, longa vanishi wa pamipando, ndipo gawo limeneli ndilo limawalitsa galimoto. Magawo onsewa pamodzi ndi opyapyala ngati pepala limodzi kapena awiri a m'kope. Aliyense wogwira ntchito yokwecha galimoto ayenera kukumbukira kupyapyala kumeneku.

Kale utoto unkapakidwa ndi burashi ndipo unkatenga milungu ingapo kuti uume. M'chaka cha 1924 kampani ya General Motors ya ku America inayamba kugulitsa magalimoto otchedwa Oakland, opakidwa utoto wochita kupopera umene unkauma msanga. Kuchokera apo magalimoto a mitundu yowala anachuluka m'misewu.

Nanga chimatuwitsa utoto nchiyani? Mdani woyamba ndi dzuwa. M'kuwala kwa dzuwa muli mphamvu ina yosaoneka ndi maso imene, mothandizana ndi mpweya, imawononga pamwamba pa utoto pang'onopang'ono mpaka pamasanduka ngati choko. Nchifukwa chake denga ndi boneti ndizo zimayamba kutuwa, zitseko zikadali zowala. Mdani wachiwiri ndi litsiro lomamatira: tala wa mumsewu, utomoni wogwa m'mitengo, ndi zitosi za mbalame. Zitosi zikakhala padzuwa la mwezi wa Okotobala zimadya utoto ndi kusiya banga. Mdani wachitatu ndi wodabwitsa, pakuti ndi munthu yemwe amatsuka galimotoyo. Fumbi la m'chilimwe lili ndi timchenga takuthwa. Wolipukuta ndi nsanza youma amakhala ngati akukwecha galimoto ndi sanipepa, ndipo amasiya timizere tambirimbiri tooneka bwino dzuwa likaomba.

Madzi a m'dziwe akadekha, mitengo ndi mitambo zimaoneka m'menemo. Mphepo ikawavundula, chithunzi chija chimasowa ngakhale madzi ali omwewo. Utoto nawonso umatero. Ukakhala wosalala umabweza kuwala mwadongosolo, koma ukakhala ndi timizere ndi timaenje umamwaza kuwalako uku ndi uku. Choncho ntchito yonse yowalitsa galimoto ndi yosalaza basi.

Mmisiri wodziwa ntchito amayamba waika galimoto pamthunzi ndi kudikira kuti chitsulo chizizire, chifukwa sopo akauma pachitsulo chotentha amasiya madontho. Amathira madzi ambiri kuti mchenga utsike wokha. Kenaka amatenga ndowa ziwiri, ina ya madzi a sopo wa galimoto, ina ya madzi oyera otsukuluzira nsalu. Akatsuka pang'ono amaviika nsaluyo m'madzi oyera kuti mchenga utsalire m'menemo, asanaibwezere m'thovu. Amayambira padenga kutsikira m'munsi, namalizira matayala kumene kuli matope. Sopo waufa wochapira zovala sayenera, pakuti amachotsa phula loteteza utoto.

Galimoto ikauma, mmisiri amavala kajumbo kopyapyala kudzanja nasisita boneti. Kajumboko kamathandiza zala kumva tinthu tonse totsalira. Ngati pakukhakhalabe, amatenga dongo lapadera la m'sitolo, lofewa ngati mphira. Limeneli si dongo la kudambo loumbira miphika ayi. Amanyowetsa malowo ndi madzi a sopo, nayendetsa dongolo mopepuka, ndipo litsiro lomamatira lija limakanirira kudongo. Mbali imodzi ikada amalipinda kuti agwiritse mbali yoyera. Likagwa pansi amalitaya, ngakhale likhale latsopano, chifukwa latola mchenga.

Apa tsopano ndi pamene pagona luso. Polishi wa galimoto ali ndi ufa wosalala kwambiri umene umapala kakhungu kakufa kaja. Mmisiri amayamba wayesa pamalo pobisika ndi polishi wofatsa. Akaona kuti sakukwanira, ndi pamene amatenga waukali. Nsalu yake imamuuzanso kanthu: ikatenga mtundu wa galimotoyo, ndiye kuti utoto wake ndi wopanda gawo loonekera lija. Amapaka polishi pang'ono pansalu yofewa, nakwecha kachigawo kakang'ono, kosaposa theka la mita mbali zonse. Akapukuta ndi nsalu ina yoyera, naona kuti pawala, amasunthira patsogolo. Galimoto imodzi ikhoza kumudyera tsiku lathunthu, koma akulu anati kuthamanga sikufika. M'magalaja akuluakulu muli makina ozunguliza nsalu amene amafulumiza ntchito, komabe m'manja mwa wosazolowera makinawo amatenthetsa utoto mpaka kuuboola, makamaka m'ngodya momwe ndi mopyapyala. Utoto wopalidwa subwereranso. Mnyamata wophunzira ntchito akaboola boneti ya mwini wake, malipiro a miyezi ingapo amathera kulipira mlandu.

Chotsiriza ndi kupaka phula. Phula labwino lambiri limachokera kumasamba a mgwalangwa wotchedwa carnauba, umene umamera kumpoto chakum'mawa kwa dziko la Brazil. Lina limapangidwa m'fakitale. Mmisiri amalipaka mopyapyala, nadikira kuti liume ndi kuoneka ngati nkhungu, kenaka amalipukuta. Akathira madzi paboneti yopakidwa phula, madziwo amaundana timadontho tozungulira ngati pa tsamba la koko. Tsiku limene madzi adzayambe kungoyalana osaundana, phula latha, ndipo kawirikawiri zimenezi zimachitika pakatha miyezi iwiri kapena itatu.

Pali matenda ena amene polishi sangachize. Gawo lapamwamba likayamba kusupuka ngati khungu la njoka, kapena pamene pakalika pakamakola chikhadabo, galimotoyo ifunika kupoperedwa utoto wina. Pamene paoneka chitsulo payenera kutsekedwa mvula isanayambe, chifukwa dzimbiri likalowa limayenda pansi pa utoto mpaka kuboola chitseko. Ogula magalimoto akale nawo achenjere, pakuti ena amawalitsa pamwamba kuti abise dzimbiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogula wanzeru amagwada nayang'ana kunsi kwa zitseko ndi m'mphepete mwa matayala asanatulutse ndalama.

Mafunso

1. Tchulani magawo atatu a utoto wa galimoto.
2. Nchifukwa chiyani denga ndi boneti zimatuwa msanga kuposa zitseko?
3. Kodi ndowa yachiwiri imagwira ntchito yanji potsuka galimoto?
4. Fotokozani kufanana kwa utoto wosalala ndi madzi a m'dziwe.
5. Mmisiri amadziwa bwanji kuti phula latha?
6. Kodi mwambi wa mkuyu ukutanthauza chiyani m'nkhaniyi?

Ntchito

(a) Pangani ziganizo ndi mawu awa: kusuluka, kukhakhala, utomoni, dzimbiri, kusupuka.
(b) Lembani mawu otsutsana ndi awa: chosalala, chopyapyala, chofewa, chouma.
(c) Lembani ndime imodzi yofotokoza momwe mumawalitsira nsapato kapena mphika wakuda kwanu.