DZIRA LA NKHUKU YA CIKUDA NDI MOYO WA BANJA

Alimi a cimanga ndi fodya a ku Chiponde, Namwera ndi midzi yonse ya kumalire a Mandimba, phunziro la mwezi uno liri pa kanthu kamene ambiri mumakapeputsa, ndiko dzira la nkhuku. Pafupi-fupi pakhomo pali ponse pali nkhuku za cikuda, koma mazira ace amapita ku msika kukasanduka mcere ndi sopo, pamene mwana wa m'nyumbamo alikudya phala loyera lopanda kanthu. Kafukufuku wa Boma wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa ana 100 ali onse osafika zaka 5 m'Malawi, 37 anali opinimbira. Mlimi adziwa kuti mmera mpoyamba. Mbande ya fodya yofooka pa nazale sibala masamba olemera, ndipo mwana ali cimodzi-modzi.

1. Ciri m'dzira nciani?

Dzira ndi kamba amene thadzi limakonzera mwanapiye wace wa masiku 21, cotero muli zonse zomangira nyama, mafupa ndi ubongo. Dzira lolemera magramu 50 liri ndi magramu 6 a cakudya comanga thupi. M'kati mwace mwacikasu muli mafuta, vitamini A wothandiza maso, vitamini D wolimbitsa mafupa, ndi vitamini B12 amene sapezeka mu nsima, nyemba kapena masamba. Koma vitamini C mulibe. Cifukwa cace dzira silicotsa malo a bonongwe, nkhwani, mango ndi mapapaya.

2. Kodi la cikuda liposa la ku famu?

M'masitolo a ku Ulaya muli mazira okwera mtengo olembedwa dzina lakuti organic. Tanthauzo lace ndi lakuti nkhukuzo zimaturuka panja masana, cakudya cao cinalimidwa popanda feteleza wa m'sitolo ndi mankhwala ophera tizirombo, ndiponso sizimwetsedwa mankhwala zisanadwale. Nkhuku yanu yopalasa pabwalo iri pafupi ndi zimenezi, ngakhale iribe kalata yoicitira umboni.

Akatswiri poyesa mazira a mitundu iwiriyi apeza kuti pa cakudya comanga thupi ngofanana ndithu. Kusiyana kwace nkwakung'ono. Thadzi lodya msipu ndi ziwala liikira dzira la cikasu cowala, ndipo vitamini E ndi mafuta ena abwino amacurukirapo. Mtundu wa cigoba, kuyera kapena kufiira, ucokera ku mtundu wa nkhuku, suonetsa ubwino wa dzira ai. Tsono musacite manyazi ndi dzira lanu cifukwa ndi laling'ono, ndiponso musaope la ku famu ngati ndilo lapezeka.

3. Zimene zinaoneka ku Lungwena ndi Malindi

Nkhani ya mazira ndi ana inayesedwa m'boma lathu lomwe lino la Mangochi. M'caka ca 2018 akatswiri a College of Medicine ya ku Blantyre ndi a University of California, Davis, analemba ana 660 a miyezi 6 kufikira 9 m'midzi ya kunyanja yozungulira Lungwena ndi Malindi. Theka la anawo linalandira dzira limodzi tsiku liri lonse kwa miyezi 6. Anacita izi cifukwa ku Ecuador, m'caka ca 2015, kuyesa kotere kunacepetsa kupinimbira pafupi-fupi ndi theka.

Ku Mangochi kuno sizinatero. Ana odya mazira sanapose anzao pa msinkhu, ndipo kucepa kwa magazi sikunathe. Ofufuzawo anaganiza kuti cifukwa cimodzi ncakuti ana ambiri a kunyanja anali kudya kale nsomba. Phunziro lace ndi ili: dzira si mankhwala. Cofunika ncakuti mwana adye cakudya cocokera ku nyama tsiku ndi tsiku, kaya ndi usipa, kaya ndi dzira. Inu a kumtunda kuno usipa mumacita kugula, ndipo m'miyezi ya January ndi February, ndarama za fodya zitatha, pamenepo thadzi la pakhomo ndilo nyanja yanu.

4. Cimene thadzi lidya cifika m'dzira

Apa ndi pamene mlimi wa fodya ayenera kucenjera koposa. Nkhuku yoyenda-yenda sisankha cotola. Ikadya tizirombo tofa ndi mankhwala pa nazale, kapena kumwa madzi otsukira mpope wopoperera, ululuwo ukhoza kulowa m'mafuta a m'dzira, ndipo kuphika sikuucotsa. Dzira lotero lioneka labwino pamaso, koma si labwino. Ku Netherlands ndi Belgium, m'caka ca 2017, mazira mamiliyoni anacotsedwa m'masitolo cifukwa mankhwala ochedwa fipronil anathiridwa m'makola pofuna kupha utitiri. Cotero sungani malamulo awa:

(a) Chingani nazale ndi mpanda, ndipo mabotolo a mankhwala musawataye kudzala.

(b) Mbeu ya cimanga yopakidwa mankhwala ofiira kapena obiriwira ikatsala pobzala, isapatsidwe nkhuku.

(c) Cimanga ndi mtedza za cuku si cakudya ca nkhuku. Cuku cidwalitsa thadzi, cicepetsa kuikira, ndipo ululu wace wina ufika m'dzira.

(d) Mankhwala a fodya kapena a m'nkhokwe asathiridwe m'khola pofuna kupha utitiri. Sesani khola, tenthani zisa zakale, ndi kufunsa mlangizi wa ziweto.

(e) Musatenthe mapulasitiki pamene nkhuku zipalasa.

(f) Thadzi likamamwa mankhwala a matenda, mazira ace asadyedwe kufikira atatha masiku olembedwa pa botolo.

5. Kusunga ndi kuphika

Tolani mazira tsiku liri lonse ndi kuwaika pa malo ozizira, monga mu mphika wadothi pamthunzi. La zitosi lipukuteni ndi kansaru kouma, pakuti cigoba ciri ndi timabowo, ndipo madzi ozizira alowetsa zonyansa m'kati. Mukakayika, liikeni m'madzi pa nthawi yophika: latsopano limira, lakale liyandama. Dzira laliwisi likhoza kukhala ndi tizirombo ta Salmonella totsegula m'mimba, cotero liphikeni kufikira cikasu cace cilimbe. Mwana wofika miyezi 6 mumphwanyire m'phala dzira lowiritsa, kapena muswere laliwisi m'phala liri pa moto ndi kubvundula kufikira lipse, ndipo apitirize kuyamwa. Ngati atupa milomo kapena kuturuka zidzolo atadya, lekani kumpatsa ndi kupita naye ku cipatala. Wamkulu wa moyo wabwino akhoza kudya dzira limodzi pa tsiku osaopa. Wa nthenda ya mtima kapena ya shuga ayambe wafunsa dokotala.

6. Mau a makolo

Tidziwa kuti m'midzi yambiri amati mai wapakati akadya mazira adzabala mwana wopanda tsitsi. Makolo anali kusamala nkhuku kuti zisathe, ndipo sitiwanyoza. Koma tsitsi la khanda silicokera ku dzira. Ana ena amabadwa nalo lambiri, ena pang'ono, mai adye dzira kapena asadye. Mai wapakati ndi woyamwitsa ndiwo afunika dzira koposa mlendo. Abambo, nkhani iyi muikambe ndi agogo a ana mwaulemu.

7. Kucurukitsa mazira

Thadzi la cikuda liikira mazira 30 kufikira 60 pa caka, ndipo silitha kufungatira bwino ocuruka nthawi imodzi. Lisiyireni 8 kapena 10 olembedwa ndi khala, otsalawo alowe mu mphika. Lipatseni gaga, ciswe, masamba ndi madzi oyera, ndiponso zigoba zokazinga ndi kusinja. Mdani wamkulu ndi citopa, cimene cisesa khola lonse m'masiku owerengeka, makamaka m'cilimwe. Katemera wa I-2, wodontheza dontho limodzi m'diso la nkhuku, aperekedwe miyezi 4 iri yonse, ndipo saononga mazira. Tambala wa Mikolongwe akakwera nkhuku za cikuda, misoti yace iikira mazira ambiri, koma ifuna cakudya ndi khola labwino.

Fodya mumamdikira caka cathunthu, ndipo mtengo wace akuuzani ndi wogula. Dzira liikidwa m'mawa, madzulo liri m'mbale ya mwana. Tsono sabata ino werengani mathadzi anu, cingani nazale, funsani mlangizi tsiku la katemera, ndipo pa mazira atatu ali onse, limodzi lokha lipite ku msika.