Pampu ya madzi ikayamba kufa: kodi galimoto ipitirize ulendo?

Miyezi ya Okutobala ndi Novembala ikafika, si zachilendo kuona galimoto itaima m'mbali mwa msewu, boneti ili yasa, nthunzi ikufuka, okwera atakhala pamthunzi kudikira madzi amene wina wakatunga pa mjigo. Zotere zimachuluka pa zikweza zazitali monga cha Thabwa pochoka ku Chikwawa kulowera ku Blantyre, kapena cha Khwekhwerere pochoka ku Golomoti kukwera ku Dedza. Chimodzi mwa zoyambitsa vutoli ndi pampu ya madzi imene idaonetsa kale zizindikiro, koma mwini galimoto n'kumati ulendo umodzi wokha sungapweteke. Popeza m'mawodi ambiri galimoto imodzi yomweyo ndiyo imanyamula mbewu kupita kumsika, odwala kupita kuchipatala ndiponso anamfedwa kupita kumaliro, nkhaniyi ikukhudza eni magalimoto ndi okwera omwe.

Ntchito ya pampu

Injini ikamalira imatulutsa kutentha kwakukulu, ndipo imagwira bwino ntchito madzi ake akakhala pa madigiri a pakati pa 90 ndi 100. Pampu ndiyo imakankha madziwo kuti azungulire m'njira za mkati mwa injini, atenge kutentha, akazizire mu rediyeta, kenako abwererenso. M'kati mwake muli kagudumu ka mapiko, beringi yothandiza kuti kazizungulira mosalala, ndi kalabala kotseka kuti madzi asatuluke. M'magalimoto ambiri pampu imazunguzidwa ndi lamba. Pampu ikaleka kukankha, madzi a mu injini amawira ngakhale rediyeta ikhale yodzaza, chifukwa ozizirawo safika kumene akufunika.

Zizindikiro zake

Kawirikawiri pampu siifa mwadzidzidzi. Chizindikiro choyamba ndi madzi odontha pansi pa injini galimoto ikagona usiku, kapena zoyanga zoyera, zobiriwira kapena zofiirira m'mbali mwa pampu. Pampu ili ndi kabowo kamene kamatulutsa madzi kalabala kaja kakatha. Chachiwiri ndi phokoso lolira mokwekwesa kutsogolo kwa injini, lomwe limakula dalaivala akaponda mafuta. Apo ndiye kuti beringi yadyeka. Injini itazimitsidwa, makaniko akagwedeza kagudumu kodutsapo lamba n'kupeza kuti kakusewera, pampuyo yatsala pang'ono kufa. Chachitatu ndi muvi wa geji wokwerakwera, makamaka pa chikweza. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri ochokera ku Japan alibe geji. Ali ndi kanyali kamene kamayaka kofiira injini ikatentha kwambiri. Kanyaliko kakayaka, dalaivala aime, asayembekezere kufika pa siteji.

Kodi n'kuyenda nayo?

Yankho ndi lakuti galimoto yotere si ya ulendo, ndipo siyenera kunyamula anthu kapena katundu. Ngati madzi akungodontha pang'ono, phokoso palibe, ndipo geji ili pamalo pake, dalaivala angathe kudzaza madzi injini ili yozizira, n'kuyenda pang'onopang'ono, m'mawa kusanatenthe, mpaka ku galaja yapafupi, maso ali pa geji. Koma ngati madzi akuchucha, beringi ikulira, kapena injini yawirapo kale, galimotoyo ikokedwe kapena makaniko aitanidwe pamene yaimapo.

Zifukwa zake n'zoonekeratu. Injini yopanda madzi oyenda imatentha mopitirira muyeso m'mphindi zochepa chabe. Silinda hedi, yomwe m'magalimoto ambiri ndi ya aluminiyamu, imapindika, ndipo gasiketi imapsa. Zikatero madzi amasakanikirana ndi oyilo n'kumaoneka ngati tiyi wamkaka, utsi woyera n'kumatuluka kumbuyo. Wokakamira kuyendabe amafika ponoketsa injini. Ndalama zogulira pampu ndi zochepa poyerekeza ndi zophwasula injini kapena kugula ina.

Palinso ngozi ya lamba. Pampu ikagwira, lamba amaterereka kapena kuduka, ndipo popeza lamba yemweyo amazunguzanso makina otchajira batire, magetsi nawo amayamba kutha. M'magalimoto ena pampu imayendera lamba wa taimingi. Lamba ameneyu akaduka injini imazima pomwepo, ndipo m'ma injini ambiri mavalavu amapindika. Injini ikazima galimoto ili m'kuyenda, mabuleki amalimba ndipo chiwongolero chimalemera. Pa chitsikira chokhotakhota zimenezi zingathe kutayitsa miyoyo.

Injini ikawira pa msewu

Dalaivala apatuke pamalo otetezeka, azimitse injini, atsitse okwera n'kuwaimika kutali ndi msewu, ndipo aike zizindikiro zonyezimira za makona atatu kutsogolo ndi kumbuyo. Asatsekule chitsekerero cha rediyeta injini ili yotentha. Madzi a m'katimo amakhala opanikizika ndipo amatha kupitirira madigiri 100 osawira. Chitsekerero chikachoka amathovoka n'kuwotcha nkhope ndi manja. Adikire mphindi zosachepera 30, kenako atsekule pang'onopang'ono atagwira ndi nsalu yochindikala. Asathire madzi ozizira pa injini yotentha chifukwa chitsulo chimatha kung'aluka. Adziwenso kuti madzi akatheratu, geji imatha kutsika ngati zonse zili bwino, chifukwa kachipangizo koyezera kutentha sikakhudzanso madzi.

Kupewa

Mdani wamkulu wa pampu ndi dzimbiri. Madzi a pa mjigo, a pachitsime kapena a mumtsinje amakhala ndi mchere ndi matope zomwe zimadya mapiko ndi kalabala ka pampu. Angathandize pa mavuto a pa msewu, koma galimoto ikafika ku galaja akhuthulidwe, mu rediyeta muthiridwe mankhwala oziziritsa injini, amene amaletsanso dzimbiri. Mankhwalawa ndi poizoni ngakhale amatsekemera, choncho asungidwe patali ndi ana ndiponso ziweto. Mwini galimoto aziona mlingo wa madzi m'mawa uliwonse injini isanalizidwe, ndipo lamba asamangidwe mothina kwambiri, poti amadya beringi. Ngati pampu imayendera lamba wa taimingi, ndi bwino kusintha zonse ziwiri nthawi imodzi, monga buku la galimotoyo likunenera.

Okwera nawonso ali ndi mbali yawo. Makomiti a chitukuko, magulu a alimi ndi mabanja amene amachita hayala galimoto ali ndi ufulu wofunsa za mmene galimotoyo ilili asanakweze munthu. Dalaivala amene amayenda ndi zigubu za madzi n'kumaima paliponse kuthira mu rediyeta akuonetsa yekha kuti galimoto yake ili ndi vuto. Akuluakulu adati kuthamanga si kufika. Wodwala kapena mayi woyembekezera ndi bwino kum'funira galimoto ina kusiyana n'kukagona naye pa chikweza usiku.