Kuchokera pa miyala ya Chongoni kutsikira ku Mua: njira ya masiku awiri m'boma la Dedza

Ambiri oyenda pakati pa Lilongwe ndi Blantyre amaidziwa Dedza ngati pogulira kachewere, kabichi ndi nyemba pawindo la basi, dalaivala akuliza kale hutala kuti azipita. Chonsecho mapiri amene amaoneka mbali zonse za msewu wa M1 akusunga zojambula zapamiyala zochuluka kuposa dera lina lililonse m'chigawo chapakati cha Africa. Malo ojambulidwa amene anawerengedwa m'dera la Chongoni ndi 127, omwazikana m'mapanga ndi m'mathanthwe pa masikweya kilomita 126, ndipo bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Kumunsi kwa mapiri omwewo, chakunyanja, kuli mishoni ya Mua ndi nyumba yake yosungiramo zinthu zamakedzana ya Chamare. Malo awiriwa ndi ofunika kuwaona pa ulendo umodzi, kuyambira kumapiri. Pathanthwe mlendo amangoona zithunzi popanda cholembedwa chomuuza tanthauzo, ndipo mafunso amene amatsika nawo m'phirimo ambiri amakayankhidwa ku Mua.

Tauni ya Dedza ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Lilongwe, ndipo ndi tauni yokwera kwambiri m'Malawi muno, mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pamalekeza nyanja yamchere. Phiri la Dedza, loimirira kuseri kwa boma, limafika mamita 2,198. Wobwera mu Juni kapena Julayi asaiwale juzi yokhuthala, chifukwa m'mawa nkhungu imakuta tauni yonse ndipo chisanu chake chimalowa m'mafupa. Komabe miyezi imeneyi, mpaka Okutobala, ndiyo yabwino, popeza misewu yopita kumapanga ndi yafumbi ndipo m'dzinja imaterera moti galimoto yaing'ono imatha kugona m'matope. Minibasi zambiri zimatsitsa anthu pamsewu waukulu, tauni ili chapambali pang'ono, koma a kabaza a njinga zamoto sasowa. Pogona ndi podyera podziwika ndi pa Dedza Pottery, imene inayamba mu 1987, pomwe mlendo amathanso kuona amisiri akuumba ndi kulocha makapu, mbale ndi miphika ya maluwa.

Mwa malo 127 aja, atatu ndiwo anakonzedwa kuti alendo azifikako: Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Amayang'aniridwa ndi dipatimenti ya boma yoona zosunga zinthu zakale ndi zipilala, ndipo ndi nzeru kupita ndi munthu wolondolera. Njira zina zimadutsa m'minda ya anthu ndi m'nkhalango ya paini momwe tinjira timangofanana, ndipo chithunzi chofiira chofwifwa munthu wachilendo angachidutse akuganiza kuti ndi mtundu wa mwala.

Chentcherere ndiye wapafupi, kumpoto kwa tauni, kudzera msewu wolowera kunkhalango ya Chongoni komwe kuli koleji ya zankhalango ndi zanyama zakutchire. Kuchokera posiya galimoto pali chikweza chachifupi koma chotopetsa, kenako thanthwe lalikulu lopendekeka lokhala ndi mthunzi pansi pake. Pakhoma pali mitundu iwiri ya zojambula, ina pamwamba pa inzake. Zofiira ndizo zakale: mizere, timadontho, zozungulira zokhala ndi zinzake m'kati, zina zotulutsa timizere m'mbali. Akatswiri amati izi zinajambulidwa ndi Abatwa, alenje ndi otola zipatso amene Achewa amawatchula kuti Akafula kapena Amwandionerapati m'nthano zawo. Katswiri wofukula zakale J. Desmond Clark anakumba pamalo pano mu 1972 n'kupeza zida zamiyala ndi mafupa, ndipo kafukufuku wa mu 2017 woyeza DNA ya mafupa a anthu opezeka pa Chentcherere anaonetsa kuti anthuwo anakhala zaka pafupifupi 5,000 zapitazo, komanso kuti anali pachibale ndi Asan a kummwera kwa Africa.

Zoyera ndi za Achewa, zopakidwa ndi dothi loyera, nthawi zambiri ndi chala. Zooneka kwambiri ndi zinthu zotambasula miyendo inayi ngati buluzi kapena chikopa choyanikidwa, zina zokhala ndi madontho pamsana. Izi zimagwirizana ndi chinamwali cha atsikana: anamkungwi ankabwera ndi anamwali kumalo obisika ngati ano n'kumawalangiza pogwiritsa ntchito zithunzizi. Ichi n'chimodzi mwa zimene zinakopa UNESCO, chifukwa si malo ambiri padziko pomwe zojambula zapamiyala zimadziwika kuti zinali m'manja mwa amayi, komanso pomwe anthu okhala pafupi akuchitabe miyambo imene zithunzizo zikukamba.

Pa Chentcherere pomwepo ndi pamene mlendo amaonanso chomvetsa chisoni. Pakati pa zithunzi za makolo pali maina a anthu a masiku ano olembedwa ndi makala ndi choko, ena mpaka kukanda mwala. Amene amachita izi mwina amaona ngati akusiya mbiri, koma chimene amasiya ndi ntchito yovuta kwa okonza, chifukwa kufufuta makala popanda kuchotsa dothi loyera lapansi pake si masewera. Lamulo la mlendo ndi lapafupi: osakhudza, osathira madzi pachithunzi kuti chioneke bwino pojambula, osasonkha moto m'phanga.

Namzeze amafuna miyendo yolimba ndi botolo la madzi, poti pali kuyenda ndithu m'phiri. Mphotho yake ndi zithunzi zoyera za nyau, zilombo monga kasiyamaliro zojambulidwa ndi timiyendo ta anthu pansi pake. Zimenezi si zakale kwambiri. Zambiri ndi za m'zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1900, nthawi imene Achewa ankathawira m'mapiri kuopa nkhondo za Angoni, kenako n'kupanikizidwanso ndi amishoni ndi boma la atsamunda amene sankafuna gule wamkulu. Pamene kuvina poyera kunali kovuta, mapanga anakhala pophunzitsira anyamata za kudambwe.

Mphunzi ali mbali ina ya M1. Wochokera ku Dedza kulowera ku Lilongwe amakhotera kumanzere n'kutsata msewu wafumbi wopita ku mishoni ya Mphunzi ya sinodi ya Nkhoma. M'mbali mwa phiri muli malo asanu ndi atatu ojambulidwa, ofiira ndi oyera omwe, ndipo ambiri amene anayendera malo onse atatu amati zithunzi zooneka bwino zili kuno. Wokhala ndi tsiku limodzi lokha ndiponso galimoto yake angachite bwino kuyamba ndi Mphunzi m'mamawa, Chentcherere masana, Namzeze n'kumusiyira ulendo wina.

Tsiku lachiwiri ndi lotsika. Mafuta athiriretu pa Dedza ndipo ndalama zikhale za m'thumba, chifukwa kumunsi mabanki ali kutali. Kuchoka m'tauni kulowera ku Ntcheu, posakhalitsa pali mphambano ya Bembeke, msika wa ndiwo zamasamba wosagona. Makilomita ochepa kuchoka pamenepo pali mishoni ya Bembeke, pomwe pali tchalitchi chachikulu cha dayosizi ya Katolika ya Dedza, chomangidwa ndi njerwa zootcha. Dayosiziyi ili ndi malo akeake m'mbiri: episkopi wake woyamba, Ambuye Cornelius Chitsulo, ndiye anali wansembe woyamba wa Chimalawi mu mpingo wa Katolika, wodzozedwa mu 1937, ndipo patapita zaka 20 anakhalanso episkopi woyamba wa Chimalawi. Theka la ola likwanira kuona mishoniyi.

Kupitirira ndi M1, pa Masasa msewu umapatukira kumanzere kulowera ku Golomoti, kudzera pa Khwekhwelere. Ndi wa tara, koma umatsika mamita pafupifupi 1,000 mokhotakhota, makona ena obwerera mmbuyo ndithu. Dalaivala wanzeru amatsika ndi giya yaing'ono osadalira mabuleki okha, ndipo salola kuti mdima umupeze pamenepa. Kukacha bwino nyanja imaonekera patali. M'mbali mwa msewu anyamata amagulitsa tigalimoto, tinjinga ndi tindege tosema ndi mtengo, tina tokhala ndi zitseko zotseguka ndi mawilo ozungulira. Pofika pa Golomoti juzi ija imakhala itavulidwa kale. Apa munthu amakhotera kumanzere pa M5 kulowera ku Salima, ndipo chikwangwani cha Mua chili kumanzere asanafike pa Mtakataka, kwa Inkosi Kachindamoto. Woyenda pa galimoto za anthu onse adziwe kuti pa Khwekhwelere minibasi ndi zochepa, ambiri amadalira matola ndi kabaza. Njira yosavuta kwa iye ndi yozungulira ku Salima kapena ku Balaka n'kukatsikira pamphambano ya Mua.

Mishoni ya Mua inakhazikitsidwa mu 1902 ndi ansembe a chipani cha White Fathers, m'mphepete mwa mtsinje wa Nadzipokwe. Mbiri yake ndi gule wamkulu sinayambe mwamtendere. M'zaka za m'ma 1920 ansembe ndi akuluakulu a nyau ankalimbirana anyamata, awa akuwafuna kusukulu ndi kukalasi ya ubatizo, awo akuwafuna kudambwe, ndipo nkhani zinkafika mpaka kwa bwanamkubwa wa boma. Wolemba mbiri Ian Linden anafotokoza mkanganowu m'buku lake la mu 1974 lonena za Akatolika ndi Achewa mu Nyasaland. N'chifukwa chake zimadabwitsa kuti lero malo amene akusunga zigoba za gule zochuluka chonchi ndi pamishoni pomwepa. Anasintha zinthu ndi Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada amene anafika m'Malawi mu 1967, n'kuyambitsa Kungoni Centre of Culture and Art mu 1976. Anaphunzira Chichewa ndi miyambo yake mozama mpaka anapatsidwa mfunda wa Chisale.

Nyumba ya Chamare, yotchedwa dzina limene anthu a kuno ankaitanira Bambo Champmartin, mmodzi mwa ansembe akale a pa Mua, ili ndi zipinda zitatu, ndipo makoma ake akunja anajambulidwa mbiri ya dziko lino. Chipinda choyamba chimakamba za mishoni ndi kukumana kwa Chikhristu ndi chipembedzo cha makolo. Chachitatu ndi cha Angoni ndi Ayao, ndi zishango, mikondo, zovala za ngoma ndi za jando. Koma chimene anthu amabwerera ndi chapakati, momwe zigoba za gule wamkulu zoposa 400 zinapachikidwa kuyambira pansi mpaka kudenga. Chadzunda ali pomwepo ndi nkhope yake yakuda yamakwinya, Maliya wofatsa, Simoni wofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa. Awiri omalizawa ndi umboni wa momwe nyau zinkayankhira amishoni, kutenga anthu a m'Baibulo n'kuwalowetsa m'bwalo. Zithunzi ndi mawu a m'makoma zimatsata moyo wa Mchewa kuchokera kubadwa, chinamwali, ukwati, ufumu mpaka maliro, ndipo apa ndi pamene kasiyamaliro wa pa Namzeze ndi zithunzi za anamkungwi za pa Chentcherere zimayamba kumveka. Gule wamkulu naye anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005, chaka chimodzi Chongoni asanalowe m'kaundula.

Alipo Achewa ena amene sasangalala kuona zigoba zili poyera, pomwe mkazi, mwana ndi munthu wosameta angathe kuziyang'anitsitsa. Maganizo amenewa si opanda pake, ndipo mlendo achite zinthu mwaulemu: afunse kaye asanatulutse foni kuti ajambule, ndipo asaumirize womulondolera kuulula zimene iye mwini sakufuna kunena. Kuthamanga m'chipinda chimenechi n'kudzimana. Maola awiri ndi ochepa kwa munthu wowerenga zolembedwa m'makoma.

Ophunzira ndi ofufuza ali ndi chifukwa china chofikira kuno. Kungoni ili ndi laibulale yotchedwa Kafukufuku, momwe muli mabuku, zolemba ndi zithunzi za miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao zimene zinasonkhanitsidwa kwa zaka zambiri. Wofuna kuigwiritsa ntchito alumikizane ndi a pamalopo asananyamuke. Panja, pansi pa mitengo, amisiri amakhala akusema, ndipo ntchito za manja a osema a Kungoni zinafika kutali, kuphatikizapo m'kachisi wa bungwe la Missio mumzinda wa Munich ku Germany. Chosema chogulidwa pano mtengo wake umaposa wa pamsewu, koma kusalala kwake ndi nkhani imene chikufotokoza zimasiyananso.

Pogona alipo pamishoni pomwepo, pa Namalikhate, tinyumba tokongoletsedwa ndi zosema, koma zipinda ndi zochepa ndipo mu Ogasiti, mwezi wa chikondwerero cha magule pa Kungoni, zimadzaza msanga, choncho kusungitsiratu malo n'kofunika. Udzudzu wa kumunsi kuno si wa ku Dedza, neti ndi mankhwala odzola zisatsale. Pobwerera, wa ku Lilongwe angadzere ku Salima n'kukwera ndi msewu wa M14 osabwereranso pa Khwekhwelere, wa ku Blantyre atsate M5 mpaka ku Balaka, ndipo wofuna kukathera ulendo kunyanja abwerere pa Golomoti n'kutenga msewu wa ku Monkey Bay.