Foda: Chida Chosungira Mafayilo pa Kompyuta

Kalata imene mwalemba pa kompyuta, chithunzi, nyimbo kapena ndandanda wa mayina, chilichonse mwa izi ndi fayilo. Foda ndi chikwatu choikamo mafayilowo, ndipo m'kati mwake mutha kuikamo mafoda enanso. Sigulidwa ndipo sifuna intaneti. Komabe alembi ambiri a makalabu, aphunzitsi ndi eni timabizinesi amangounjika zonse pa Desktop, tsiku la msonkhano n'kumatuluka thukuta posaka lipoti la chaka chatha.

Kupanga foda

Pa kompyuta ya Windows, dinani batani la Windows pamodzi ndi E kuti File Explorer itseguke. Lowani mu Documents, kenako dinani Ctrl, Shift ndi N nthawi imodzi. Foda yatsopano ituluka ikudikira dzina. Lembani dzinalo n'kudina Enter. Mukafuna kulisintha tsiku lina, sankhani fodayo n'kudina F2.

Yambani ndi mafoda ochepa. Mlembi wa kalabu ya alimi akhoza kupanga foda imodzi yotchedwa Kalabu, m'katimo muli Mamembala, Ngongole ndi Misonkhano, ndipo mu Misonkhano muli foda ya chaka chilichonse. Pamenepo pakwana. Mafoda akalowerana kwambiri, munthu amatopa kutsegula n'kuyambiranso kutaya zinthu pa Desktop. Foda yotchedwa "Zosiyanasiyana" musaipange n'komwe, chifukwa sipatenga nthawi theka la mafayilo anu lisanathere mmenemo.

Dzina la fayilo

Apa ndi pamene pagona nkhani. Foda yabwino siingakuthandizeni ngati m'kati mwake muli Document1, Document2 ndi zithunzi za pa WhatsApp zokhala ndi mayina a manambala okhaokha. Dzina lizinena zimene zili m'fayilomo moti mnzanu, inu mutachokapo, athe kuzindikira asanatsegule.

Ngati fayilo ili ndi tsiku, yambani ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku: 2024-03-15 Msonkhano wa komiti. Kompyuta imandandalika mafayilo potsata zilembo ndi manambala a kumayambiriro kwa dzina, ndiye mukalemba "15 Malichi" ndi "2 Epulo", ya Epulo ikhala pamwamba ngakhale kuti inabwera pambuyo. Mukayamba ndi chaka, mafayilo amafola okha monga mmene masiku anayendera. Dziwaninso kuti Windows imakana zizindikiro izi m'dzina: \ / : * ? " < > |. N'chifukwa chake tsiku lolembedwa 15/03/2024 silingatheke. Gwiritsani ntchito kamzere.

Mukakonza lipoti kachiwiri, lembani 2 kumapeto kwa dzina, kachitatu 3. Mawu oti "lomaliza" amanamiza, chifukwa apampando akawerenga adzafuna musinthenso.

Kusamutsa ndi kufufuta

Ctrl ndi X imachotsa fayilo pamene ili, Ctrl ndi V n'kuiika kumene mwatsegula. Ctrl ndi C imasiya yoyambayo pomwepo, ndiye mumakhala ndi ziwiri, mawa n'kukonza yolakwika. Zonse zimene mwatenga pa intaneti zimagwera mu Downloads, choncho patulani tsiku pa sabata lozisamutsira kumalo ake.

Fayilo yofufutidwa pa kompyuta imayamba yadikira mu Recycle Bin, ndipo mutha kuibweza. Koma mukafufuta ya pa fulashi, kapena mukadina Shift ndi Delete, sidzera kumeneko. Werengani dzina kawiri musanavomere.

Foda siteteza ku akuba, kuwonongeka kwa kompyuta kapena vairasi. Kamodzi pa mwezi koperani mafoda ofunika pa fulashi, ndipo fulashiyo isamagone m'chikwama chimodzi ndi laputopu. Amene ali ndi akaunti ya Gmail ali kale ndi malo aulere okwana 15 GB, amene Google Drive imagawana ndi maimelo ndi zithunzi. Kukweza mafayilo kumeneko kumadya bandulo, ndiye yambani ndi makalata ndi za ndalama, mavidiyo abwere pambuyo.