PHUNZIRO LA AKATEKISITI: Majini, Malungo ndi Mlengi

Mkatekisiti wa ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, aphunzitsa ana amene amva mawu awiri otsutsana. Kusukulu auzidwa kuti zamoyo zinasintha pang'onopang'ono pa zaka zosawerengeka. Pamsika amva alaliki ena akunena kuti wovomera zimenezo wakana buku la Genesis. Mwana wokonzekera Ulimbitso akadza nalo funsoli, mkatekisiti asamkalipire, pakuti mwana wokalipiridwa atseka pakamwa, koma funso lake apita nalo kwina.

Chamoyo chilichonse chili ndi malangizo m'thupi mwake, otchedwa majini, amene chilandira kwa makolo ake. Woyamba kulongosola malamulo a kulandira kumeneku anali wansembe, Gregor Mendel wa chipani cha Augustino Woyera, amene anayesa mbewu za nsawawa m'dimba la nyumba yawo ku Brno, nafalitsa zimene anapeza m'chaka cha 1866. Malangizowa akamakopedwa kuchokera kwa kholo kupita kwa mwana, nthawi zina chilembo chimodzi chisinthika, monga achitira mlembi wotopa.

Akhristu ena, amene awerenga masiku 6 a chilengedwe monga masiku enieni, anena kuti kusinthika kotere kungoononga. Ati mlembi wolakwitsa sangalembe buku latsopano, ndipo kulakwa kochuluka sikungasandutse nsomba kukhala mbalame.

Mawu awo ayesedwe ndi nkhani imene akulu onse a ku Chiradzulu aikumbukira. Kale wodwala malungo ankamwa klorokwini wowawa uja, nachira. Koma majini a tizilombo tina ta malungo anasinthika, mankhwalawo naleka kutipha. Tosasinthika tinafa, tosinthika tinaswana. M'chaka cha 1993 dziko la Malawi linayamba mu Africa monse kusiya klorokwini, nilitenga Fansidar. Tsono panachitika chodabwitsa. Ku Blantyre, m'chaka cha 1992, tizilombo tosinthika tinkapezeka mwa odwala 85 pa 100 alionse. Pofika 2000 tinatsala mwa 13 okha. Klorokwini atachoka, tizilombo takale tinapambananso. (Izi sizitanthauza kuti wodwala afunefune klorokwini, kuyambira 2007 mankhwala a malungo ndi LA, ndipo amwedwe onse monga anenera achipatala.)

Otsutsa aja akondwera nayo nkhaniyi. Ati, taonani, kusinthako kunafooketsa kachilombo, ndipo malungo akali malungo. Pamenepo anena zoona, ndipo mkatekisiti avomereze. Zoonadi kusintha kwambiri kwa majini sikupindula kanthu, kwina kudzetsa matenda. Koma nkhani yomweyo iwatsutsanso, pakuti masiku a klorokwini kusinthako ndiko kunapulumutsa kachilomboko. Ubwino kapena kuipa kwa kusintha kuoneka malinga ndi kumene chamoyo chikhala. Ndipo zaka 10 sizingaweruze za zaka zikwizikwi. M'nyanja ya Malawi muli mitundu mazanamazana ya nsomba zachibale, monga chambo, utaka ndi mbuna, yambiri yosapezeka kwina kulikonse, ndipo majini ake aonetsa kuti yambirimbiri inachokera ku makolo amodzi. Akatswiri a sayansi pafupifupi onse avomereza kuti kusintha kwa majini, pamodzi ndi kupulumuka kwa zoyenerana ndi malo, kubala mitundu yatsopano.

Nanga Eklezia atani? M'chaka cha 1950, m'kalata yake Humani Generis, Papa Pio XII analola kuti ophunzira afufuze ngati thupi la munthu linachokera ku zamoyo zina, koma analamula kuti Akatolika asunge chiphunzitso chakuti mzimu wa munthu ulengedwa ndi Mulungu mwini. M'chaka cha 1996 Papa Yohane Paulo II ananena kuti chiphunzitso cha kusintha kwa zamoyo sichilinso chongoganizira chabe.

Kotero mkatekisiti sakakamizidwa kutsutsa buku la sayansi la mwanayo. Chimene akana ndi mawu owonjezera akuti, popeza majini asintha mwangozi, palibe Mlengi. Mawu amenewo sanaoneke ndi galasi loonera tizilombo. Mwana akafunsa kuti mzimu wake unachokera ku chiyani, ayankhidwe kuti sunachokere kwa bambo kapena kwa mayi wake, ngakhale ku majini awo, koma Mulungu anaulenga wa iye yekha.